Masabata Atatu a Maheen

Nambala ija ndinkaiona m'mawa uliwonse, nthawi zina ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Ndikaima pamzere wa magalimoto pa Chichiri, maminibasi akupanikizana ngati kutsogoloko kukugawidwa zaulere, ndinkatulutsa foni n'kutsegula tsamba la Dokotala Maheen. Pa intaneti pali malo amene amawerenga kuti zolemba za wofufuza aliyense zatchulidwa kangati m'zolemba za anzake padziko lonse. Lolemba lina m'Januwale, Maheen anali pa 1,212. Lachisanu lapitalo anali pa 1,204. Ndiye kuti pamene ine ndinali ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, thukuta lili kamukamu, kuchotsa chotupa pansagwada ya mayi wina wa ku Ndirande, anthu asanu ndi atatu, kaya ku India kaya ku Brazil, anali kalikiliki kulemba dzina la Maheen. Tsamba langa linali pa 9, ndipo kawiri mwa kameneko ndinadzitchula ndekha.

Ndine Chrispine Sandalamu, dokotala wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi pakhosi pachipatala chachikulu mumzinda muno. Ndinkachita nsanje, ndisakubisireni. Osati kansanje koti munthu amaseka nako kenaka n'kuiwala, koma nsanje yodzuka nayo, kusamba nayo, n'kupita nayo kuntchito.

Maheen ndi mayi wachimwenye, mwana wa ku Limbe, bambo ake ali ndi shopu ya misomali ndi penti. Tinalowa sukulu ya udokotala chaka chimodzi. Mayeso onse ndinkamuposa, ndipo tsiku loyamba kuona munthu akung'ambidwa anakomoka, womutulutsa panja ndinali ine. Nkhani imeneyi ndinkaikumbukira pafupipafupi, ndipo ndinkaisimba ngakhale kwa anthu amene sanaifunse.

Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo analowa mu ofesi yanga ndi mulu wa mafomu. Ankafuna kudziwa chifukwa chimene odwala khansa ya pakhosi ndi ya m'kamwa amafikira kwa ife zinthu zitaipa kale. Anandipempha kuti tichite limodzi kafukufukuyo, ine ndizidzaza fomu pa wodwala aliyense: vuto linayamba liti, anaonedwa koyamba ndi ndani, anapatsidwa chiyani. Ndinamuuza kuti ine ndine wa mpeni, za mapepala azichita amene amaopa magazi. Anangoseka, n'kunyamula mafomu ake kukapatsa manesi.

Yankho la funso lake tonse tinkayesa tikulidziwa. Anthu athu amayamba kwa asing'anga, kenaka ku mapemphero, kuchipatala amabwera atanyamulidwa. Mafomu a Maheen ananena zina. Ambiri mwa odwala ake anali atapita kuchipatala msanga ndithu, kawiri, katatu, ndipo ulendo uliwonse ankapatsidwa mankhwala a chifuwa n'kubwezedwa kunyumba. Ochedwetsa tinali ife ovala zoyera. Kuchokera pamenepo anakonza kalamulo kosavuta: munthu amene mawu ake asasa kupitirira masabata atatu asapatsidwenso mapilitsi, atumizidwe kuti akaunikidwe kholingo ndi kamera. Nesi angotsegula buku la kuchipatala la wodwalayo, aone tsiku limene anabwera koyamba, awerenge masabata, basi. Kalamulo kameneka ndi kamene kanamutchukitsa. Kanamatidwa m'makoma a zipatala zing'onozing'ono, mayiko ena anakatengera, ndipo nambala ija inayamba kukwera.

Pamsonkhano wa madokotala ndinaimirira n'kunena kuti mawu kusasa ndi chimfine, ndipo tikamvera zimenezi tidzadzaza chipatala ndi makondakitala a minibasi ndi alaliki a mumsika. Ndinawonjeza kuti odwala amachedwa okha, ndi ouma mitu, tisamanamizire anzathu. Anthu anaseka, ine n'kumva kukoma. Pepala lalikulu la kafukufuku wa Maheen litatuluka, kumapeto kwenikweni, m'timalembo tofuna magalasi, anandithokoza pochita maopaleshoni. Dzina langa linali pakati pa la dalaivala wa kafukufukuyo ndi la mayi wotaipa.

Tsopano za achimwene anga, a Jailos. Bambo atamwalira ndiwo ananditenga ku Nsanje kubwera nane ku Bangwe ndili sitandade sikisi, nandilera mpaka ndinavala jasi yoyera. Anagwira ntchito zaka makumi atatu m'mashedi a fodya ku Limbe, ndipo fodyayo sankangomusankha, ankamusutanso. Koma anthu ankawadziwa ndi mawu. Pamaliro a munthu wa kwathu kuchigwa, kaya ndi ku Bangwe, kaya ku Chilobwe, nyimbo siinkayamba a Jailos asanafike. Akayambitsa ya Chisena, ngakhale amuna oima patali manja ali m'matumba ankapezeka akuyankha.

M'bale wa dokotala saima pamzere. Zimenezi sizinalembedwe paliponse koma aliyense amazidziwa. Kwathu ku Kanjedza, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, khonde langa limasanduka chipatala. Amabwera azakhali ndi mawondo awo, asuweni ndi mutu waching'alang'ala, ana a asuweni ndi zipere. Pakhondepo palibe buku, palibe tsiku lolembedwa. Kufunsa m'bale wako buku la kuchipatala kuli ngati kumufunsa chiphaso asanalowe m'nyumba mwako. Ndimamvetsera, ndimagwira apa ndi apo, ndimalowa kuchipinda n'kutuluka ndi mapilitsi m'kapepala. Onse amapita akuthokoza kuti apulumuka mzere.

M'Januwale momwemo achimwene anabwera mawu atasasa. Inali nthawi ya mvula, ndipo anali ataimba masiku awiri pamaliro. Ndinawapatsa amokisilini, ndinati apumitse pakhosi, azimwa madzi ofunda a mandimu. Pamenepo sindinalakwe, dokotala aliyense akadatero. M'Febuluwale anabweranso, mawu ali chimodzimodzi. Ndinawasinthira mankhwala. M'Malichi anabwera ndi akazi awo, alamu anga a Zione, mayi wosalankhulalankhula amene amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Anadikira kuti abale ena onse achoke.

"Alamu, kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuja ndaona chithunzi pakhoma," anatero. "Akuti mawu akasasa masabata atatu munthu azikaunikidwa. Awatu akwana miyezi iwiri."

Ndinawafunsa ngati akudziwa amene analemba chithunzicho. Anati dzina sakulidziwa, koma anesi anawauza kuti ndi mayi wina wachimwenye, dokotala wamkulu wa zapakhosi m'dziko muno.

Dokotala wamkulu wa zapakhosi m'dziko muno. Mawu amenewa ananenedwa pakhonde langa, pampando wanga, ndi munthu amene anali atangomwa tiyi wanga. Mtima unandipsa.

"Ngati mukufuna kuchizidwa ndi chithunzi, alamu, pitani kwa chithunzicho," ndinatero.

Achimwene anaseka, kuseka kwake kotuluka ngati mpweya wa tayala lobooka. Anagwira dzanja la akazi awo. "Mayi, dokotala tili naye m'nyumba. Tikafunenso chiyani pakhoma?"

Ndinalowa kuchipinda n'kutuluka ndi mtundu wachitatu wa mapilitsi.

Ndinene zoona: ndinadziwa. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, wosuta kuyambira ali mnyamata, mawu osasa miyezi iwiri. Mwana wa sukulu ya udokotala wa chaka chachitatu akadakuuzani chochita. Koma kamera younikira kholingo pachipatala chathu ndi imodzi, inabwera ndi kafukufuku wa Maheen, ndipo imakhala m'kiliniki yake ya Lachiwiri. Aliyense wolowa m'menemo amadzazidwa fomu ndipo amapatsidwa nambala. Sindinkafuna kuti achimwene anga akhale nambala ya Maheen. Sindinkafuna kuti ophunzira amene anandimva ndikuseketsa anthu pamsonkhano paja andione ndikulowa pakhomo limenelo ndi m'bale wanga, nditawerenga masabata ngati nesi.

Ndiye ndinapeza nzeru. Maheen ankayenera kupita ku Cape Town m'Epulo kukalankhula pamsonkhano waukulu ndi kukalandira ulemu wina wake. Ndinati akachoka nditenga kiyi kwa sisita woyang'anira kilinikiyo, ndiwaunika ndekha achimwene, nkhani ithere pomwepo. Msonkhanowo unasunthidwa kufika m'Juni. Munthu wanzeru akadasintha maganizo tsiku lomwelo. Ine ndinati masabata angapo si kanthu, zotupa za kholingo zimakula pang'onopang'ono, ndipo mwinanso si chotupa n'komwe. Ndinadziuza zimenezi ndi mawu omwe aja amene ndimatonthozera odwala, ndipo ndinadzikhulupirira. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Nthawi yonseyi nambala ija sindinasiye kuiona. M'Epulo inadutsa 1,300. Nyuzipepala ina inalemba za Maheen, ndi chithunzi chake ataima pafupi ndi kamera, ndipo mkazi wanga anaibisa pansi pa magazini kuti tidye mwamtendere. Ndinaipeza, ndinaiwerenga katatu, ndikufunafuna pamene alakwitsa.

M'Meyi tinali ndi maliro ku Chilobwe, a gogo wina wa kwathu. Bokosi litafika kumanda anthu anakhala chete, maso onse kwa a Jailos monga mwa masiku onse. Anaimirira, anakonza jekete, anatsegula pakamwa. Munatuluka mpweya wokha. Anayesanso, mitsempha ya pakhosi itaima, koma palibe chinamveka. Mayi wina kumbuyo anawamvera chisoni n'kuyambitsa nyimboyo, anthu n'kuyankha, achimwene n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Pobwerera, tikukwera kamtunda kopita kumsewu, ndinamva kamluzu kakang'ono nthawi iliyonse akakoka mpweya. Kamluzu kameneko ndimakadziwa, ndakamva kwa anthu ambiri, ndipo sikabwera ndi chimfine.

Ndinachita mantha. Koma taonani mmene nsanje imapusitsira munthu: ndinawerenga masiku, ndinapeza kuti Maheen anyamuka pakangotha masabata awiri, ndipo ndinauza alamu kuti pakatha masabata awiri ndidzawatenga achimwene ndi galimoto yanga kukawaunika. Anati, "Chabwino, alamu," osandiyang'ana.

Lachiwiri lotsatira ndinkadutsa pakhonde la kiliniki ya Maheen ndikupita ku fiyeta. Benchi inali yodzaza monga mwa nthawi zonse, anthu atafumbata mabuku awo. Wachisanu ndi chiwiri pamzerewo anali achimwene anga, atavala jekete ya kutchalitchi, buku latsopano la kuchipatala lili pamwendo. Alamu anali atawatengera kuchipatala chaching'ono chija dzulo lake. Nesi wa kumeneko anasowa masiku oti awerenge chifukwa bukulo linali loyera, koma alamu anamuwerengera ndi maliro: a m'Januwale amene anayambira kusasa, a m'Malichi amene anaimba theka, a ku Chilobwe amene analephera. Nesiyo analemba kalata yowatumiza nthawi yomweyo.

Atandiona, achimwene anaimirira n'kubisa bukulo kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Munthu amene anandilera ankandichitira manyazi chifukwa chobwera kuchipatala.

"Andikakamiza amayiwa, adokotala," ananong'ona. "Musakhumudwe."

Ndinatuma uthenga ku fiyeta kuti ayambe ndi dokotala wina. Ndinakhala nawo pabenchi, jasi yanga yoyera ili pakati pa anthu odikira, mpaka nambala yawo inaitanidwa. Sindinawadumphitse mzere.

Maheen anawalonjera m'Chichewa chake cha ku Limbe, anawafunsa za ulendo, kenaka anaona dzina pabukulo n'kudzutsa maso. Ndinamuuza kuti ndi achimwene anga. Anangogwedeza mutu n'kundisunthira mpando kuti ndione bwino pa sikirini. Anawapopera mankhwala ochititsa dzanzi m'mphuno, analowetsa kachingwe ka kamera pang'onopang'ono, akuwauza chilichonse chimene akuchita. Mulungu andikhululukire, ngakhale pamenepo kamtima kena kanandiuza kuti ine ndikadakagwira bwino kuposa apo.

Kenaka kholingo linaoneka. Mkati mwa kholingo muli timinofu tiwiri timene timagundana munthu akamalankhula kapena kuimba. Ka kumanja kankayenda. Ka kumanzere kanali katakwiririka ndi chotupa chotuwa, chokhakhala, chimene chinali chitayamba kale kutseka njira ya mpweya. Maheen anawapempha kuti anene "iii". Ka kumanzere sikanasunthe.

Palibe chimene anafunika kundifotokozera. M'Febuluwale chinthu chimenechi chikadakhala ngati kambewu ka mpunga, choti timachotsa munthu n'kupita kwawo ndi mawu ake. Tsopano panafunika kuchotsa kholingo lonse. Achimwene akadzachira adzapuma kudzera pa kabowo ka pakhosi, ndipo sadzaimbanso. Maheen anawauza modekha kuti ayamba wadula kanyama kuti akapime, koma sanawanamize, anati chikuoneka ngati khansa ndipo afunika kufulumira. Ine sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Akadandikalipira mwina ndikadapeza pogwira.

Atatha anatenga fomu, imodzi mwa zomwe zija. Anafotokoza za kafukufuku wake, anapempha chilolezo, achimwene anavomera ndi mutu. Anafunsa kuti mawu anayamba liti kusasa, alamu anayankha kuti m'Januwale. Anafunsa ngati kuchokera nthawi imeneyo anaonedwapo ndi wachipatala wina aliyense.

Alamu anatsegula pakamwa, koma achimwene anawagwira bondo. Anakoka mpweya, kamluzu kaja kakumveka chipinda chonse, n'kudzikakamiza kulankhula.

"Ayi, palibe. Ndinkangomwa mandimu kunyumba. Ndachedwa ndekha, mayi dokotala. Ife anthu akale ndife ouma mitu."

Anali mawu anga a pamsonkhano paja, ngakhale iwo sanawamvepo. Ankandipatsa mphatso: anditeteze, ndipo mosadziwa awonjezere munthu mmodzi kumbali ya mfundo yanga. Alamu anayang'ana pansi. Cholembera cha Maheen chinaima pamwamba pa kabokosi kolembedwa kuti wodwala anachedwa yekha. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Ndikudziwa kuti akadachonga pamenepo, palibe akadandifunsa kanthu mpaka kalekale.

Ndinatambasula dzanja. "Ndipatseni fomuyo."

Inali fomu yake yoyamba kuigwira m'zaka zisanu ndi zitatu. Pofunsa ngati wodwala anaonedwa ndi wachipatala, ndinachonga kuti inde. Kangati, ndinalemba katatu. Masiku ndinawakumbukira mosavuta chifukwa onse anali Malamulungu. Mankhwala ndinawalemba onse atatu ndi mayina awo. Pofunsa udindo wa amene anamuona panali timabokosi ta mlangizi wa zaumoyo, nesi, kiliniko ofisa ndi dokotala wamba. Ka dokotala wa zapakhosi panalibe, Maheen sanaganizepo kuti kangafunike. Ndinakajambula ndekha m'mphepete, ndinachonga, ndipo pansi pake ndinalemba dzina langa lonse.

"Mayina sitilemba, Chris," anatero Maheen motsitsa mawu.

"Ndikudziwa. Mukafufute nokha."

Achimwene ankandiyang'ana akupukusa mutu, kundiletsa. Anayesa kunena kanthu koma mpweya unawathera.

Maheen sanapite ku Cape Town. Anatsala kuti athamangitse zotsatira za kanyama kaja, ndipo opaleshoni inachitika patangotha masabata awiri. Wochita opaleshoniyo anali dokotala mnzanga, ine ndinakhala panja ndi alamu, amene mpaka lero amandipatsa moni wa ulemu wonse, wopanda chilichonse mkati mwake. Achimwene anachira. Amavala kansalu pakhosi kotchinga kabowo, ndipo amayenda ndi kope la ana asukulu lolembamo zimene akufuna kunena. Tsamba loyamba analemba ali m'chipatala, n'kundipatsa: anandithokoza chifukwa chokhala ndi anzanga odziwa ntchito.

Pepala latsopano la Maheen linatuluka chaka chino. Patsamba lachinayi pali mndandanda wa amene anachedwetsa odwala, malinga ndi udindo wawo. Mzere wotsiriza ndi watsopano: dokotala wa zapakhosi, mmodzi. Dzina anafufutadi. Anthu ayamba kale kulitchula pepalalo, kaya ku India kaya ku Brazil, ndipo ndamva kuti mzere umenewo ndi umene amaukonda kuuonetsa kwa ophunzira. Zaka zonsezi ndinkafuna kulowa m'kati mwenimweni mwa pepala la Maheen, osati m'timalembo ta kumapeto, ndipo ndalowamo.

Mwezi watha tinali ndi maliro ena ku Bangwe. Bokosi litafika kumanda anthu anakhala chete, ndipo mwa chizolowezi maso onse anatembenukira kwa a Jailos, kenaka n'kuthawa msanga ndi manyazi. Achimwene anali atakhala pafupi nane. Anandigunda ndi chigongono, n'kundilozera ndi chibwano kuti ndiyambitse ineyo. Nyimboyo ndimaidziwa, anandiphunzitsa okha ndili sitandade sikisi. Ndinaiyamba motsika kwambiri, ndipo iwo anayamba kundimenyera nthawi pabondo langa ndi chikhatho chawo, milomo yawo ikutchula liwu lililonse.